Kubedwa kwa deta ku Equifax mu 2017: luso loyambira ndi luso lakuya la opanga mapulogalamu

Opanga mapulogalamu akayamba kuphunzira za chitetezo, ambiri amathamangira zinthu zozama: kusanthula malware (mapulogalamu oononga), kusaka ziboo (zofooka za mu pulogalamu zimene wakuba angalowerepo) zimene palibe anazipezapo, kulemba malamulo a makina ogwira akuba. Ntchito zimenezi n'zofunika ndipo zili ndi eni ake. Koma kampani ya Equifax inali ndi akatswiri a ntchito zozamazi, inalinso ndi makina odula, ndipo inabedwabe kwa masiku 76 popanda wodziwa. Lipotili likutsata zimene zinachitika monga mmene makomiti a nyumba ziwiri za malamulo za ku America, House ndi Senate, ndi ofesi younika ntchito za boma ya GAO anazifotokozera atafufuza. Pamalo paliponse pamene panaphonyeka likufunsa kuti luso limene linasowa linali lotani, ndipo linali la ndani.

Kampaniyo ndi pulogalamu ya ACIS

Equifax, imene likulu lake lili ku Atlanta, ndi imodzi mwa makampani atatu akuluakulu osunga mbiri ya ngongole za anthu ku America, pamodzi ndi Experian ndi TransUnion. Mabanki ndi ena obwereketsa ndalama amatumiza kumeneko dzina la munthu, tsiku lobadwa, adiresi, nambala ya Social Security (nambala ya boma yodziwira munthu) ndi mmene amabwezera ngongole. Munthuyo sachita kulembetsa yekha. Akangotenga ngongole kapena khadi la kubanki, walowa kale m'nkhokwemo.

Wina akaona kuti mbiri yake yalakwika, mwachitsanzo ngongole imene anabweza kalekale ikuonekabe ngati ilipo, ankadandaula kudzera pa webusaiti yolumikizidwa ndi pulogalamu yotchedwa Automated Consumer Interview System, mwachidule ACIS. Pulogalamuyi inayamba m'zaka za m'ma 1970 ndipo inkangowonjezeredwa zigawo zaka zikamapita. Pofika 2017 inkayenda pa maseva a Solaris, ndipo mbali yake yoonekera pa intaneti inali yolembedwa mu Java pogwiritsa ntchito Apache Struts 2, code yokonzedwa kale ya bungwe la Apache yothandiza kupanga mawebusaiti. Anthu odziwa bwino mkati mwake anali ochepa.

Chiboo chenichenicho

Pa 7 Malichi 2017 a Apache analengeza chiboo cha mu Struts chodziwika ndi nambala ya CVE-2017-5638, chimene pa muyezo wa CVSS, woyeza kuopsa kwa ziboo, chinapatsidwa 10, pamapeto penipeni pa muyezowo. Chinkakhudza Struts 2.3.5 mpaka 2.3.31 komanso 2.5 mpaka 2.5.10. Chigamba, kapena kuti Struts yokonzedwa yotseka chibooko, chinatuluka pamodzi ndi chilengezocho: 2.3.32 ndi 2.5.10.1.

Ndi bwino kumvetsa mmene chibooko chinkagwirira ntchito, chifukwa m'pamene malire a luso loyambira ndi luso lakuya akuonekera. Msakatuli akamatumiza fayilo ku seva, amalemba pamutu wa pempholo mzere wa Content-Type wonena kuti multipart/form-data. Struts ikaona mawu amenewa pena paliponse mumzerewo, imapereka pempholo kwa chigawo chotchedwa Jakarta Multipart parser. Wachiwembu ankalemba Content-Type yopotoka: mawu a multipart/form-data alimo, koma mzerewo ukuyamba ndi chizindikiro cha %{ ndipo mkati muli malangizo a chilankhulo cha OGNL, chimene Struts imagwiritsa ntchito pofikira zinthu za Java. Parser ija inkakana mzerewo monga mmene iyenera kukanira. Vuto linkabwera pokonza uthenga wonena kuti pempho lalakwika. Uthengawo unkatenga mzere wonse wa wachiwembuyo n'kuudutsitsa mu code yomasulira mauthenga m'zilankhulo zosiyanasiyana, ndipo code imeneyo ikaona %{ inkaona ngati yapatsidwa malangizo oti ichite. Kuchokera pamenepo wachiwembu ankatha kulamula seva kuchita chilichonse chimene akaunti yoyendetsa pulogalamuyo ili ndi chilolezo chochita. Sankafunika pasiwedi. Tsambalo silinkafunika n'komwe kukhala ndi malo otumizira fayilo.

Kupeza chiboo chotere ndi luso lakuya. Pamafunika munthu wotha kutsata mawu ochokera kunja kudutsa m'makalasi angapo a laibulale ya eni ake (code yolembedwa ndi ena imene mumaiika mu pulogalamu yanu) mpaka kufika pamene mawuwo akusanduka lamulo. Wolemba code wamba sitingamuimbe mlandu kuti sanachione. Koma chiboo chikalengezedwa ntchito yozamayo yatha, ena aigwira kale, ndipo yotsala ndi ya aliyense. Patangopita maola ochepa code yogwiritsa ntchito chibooko inali itafalikira pa intaneti, ndipo posakhalitsa inalowa mu Metasploit, chida chotchuka choyesera kuthyola makompyuta. Wakuba sankafunikanso kumvetsa OGNL.

Imelo ya pa 9 Malichi

Pa 8 Malichi bungwe la boma la US-CERT linachenjeza Equifax. Pa 9 Malichi gulu la kampaniyo loona za ziboo linatumiza imelo kwa anthu oposa 400, kulamula kuti aliyense amene ali ndi Struts aike chigamba pasanathe maola 48, monga lamulo la kampani linkanenera pa ziboo zoopsa kwambiri. Mpaka apa zonse zinayenda bwino ndithu, ndipo makampani ambiri sakanafulumira chotero.

Koma imeloyo inkadalira kuti woilandira akudziwa kale kuti ali ndi Struts. Kampaniyo inalibe kaundula wathunthu wa maseva ake ndi mapulogalamu amene ali pa seva iliyonse. Kafukufuku wa mkati mwa kampani wa mu 2015 anali atanena kale za kusowa kwa kaundulayu, ndipo anapeza ziboo zodziwika zoposa 8,500 zosatsekedwa. Anapezanso kuti kuika zigamba kunkayendera kungokhulupirirana: wauzidwa, ndiye kuti wachita. Komiti ya Senate inapeza kuti wopanga mapulogalamu amene ankadziwa kuti ACIS imagwiritsa ntchito Struts sanali pa mndandanda wa olandira imelo ija. Bwana wake anailandira koma sanamupatsire.

Apa pali chinthu chimene oyang'anira ambiri osalemba code sachimvetsa. Struts si pulogalamu imene woyang'anira maseva angaikonze ndi lamulo limodzi monga mmene amakonzera Windows kapena Linux. Ndi laibulale, ndipo imakhala mkati mwa pulogalamu yanu. Mu Java pulogalamu ya pa webusaiti imapakidwa mu fayilo ya WAR, ndipo mkati mwake, mu foda ya WEB-INF/lib, muli fayilo ngati struts2-core-2.3.31.jar. Kuti chigamba chilowe, wopanga pulogalamuyo ayenera kusintha nambala ya Struts mu fayilo yolongosola zofunika za pulogalamu, imene kwa ogwiritsa ntchito Maven ndi pom.xml, kumanganso WAR, kuiyesa, n'kuiika pa seva m'malo mwa yakale. Ngati mapulogalamu asanu ali ndi Struts, ntchitoyi ichitika kasanu. Woyang'anira seva akhoza kuika zigamba zonse za Solaris n'kunena moona mtima kuti seva yake ili bwino, chibooko chili chikhalire mu WAR.

Choncho luso loyamba pa zonse ndi lakuti wolemba code athe kuyankha, pasanathe ola limodzi, funso lakuti m'pulogalamu yake muli malaibulale ati ndipo ndi a nambala yanji. Kwa Maven, lamulo la mvn dependency:tree limaonetsa onse, kuphatikizapo amene simunawasankhe nokha koma anakokedwa ndi laibulale ina. Amenewa ndi amene amapusitsa anthu, chifukwa mukasaka mawu oti struts mu pom.xml simupeza kanthu pamene fayilo yake ili mu WAR. Laibulale yotere imakakamizidwa kukwera nambala polemba nambala yatsopano pansi pa dependencyManagement. Ndipo musakhutire ndi zimene zili mu Git, mmene mumasungira code yanu. Pitani pa seva yeniyeniyo, chifukwa chimene chikuyenda kumeneko nthawi zina chinamangidwa zaka zitatu zapitazo ndi munthu amene anachoka kale. Lamulo la unzip -l pa fayilo ya WAR limaonetsa mafayilo a jar onse amene alimo, ndipo find / -name "struts2-core*.jar" imapeza amene anatulutsidwa kale mu WAR n'kukhala m'mafoda a seva. Fayilo ya EAR imakhala ndi ma WAR mkati, ndiye muyenera kuimasula kawiri.

Zida monga OWASP Dependency-Check zimachita zimenezi nthawi iliyonse pamene pulogalamu ikumangidwa, n'kuyerekeza ndi mndandanda wa ziboo zodziwika, ndipo mukhoza kuzitchera kuti kumangako kulephereke ngati papezeka chiboo cha CVSS 7 kapena kuposa. Masiku ano kaundula wotereyu amatchedwa SBOM ndipo amalembedwa m'kalembedwe ka CycloneDX kapena SPDX. Munthu amene watha miyezi itatu akulemba Java akhoza kuphunzira zonsezi pa tsiku limodzi.

Nanga ngati kumanganso pulogalamu yakale ngati ACIS sikungatheke m'maola 48? Zimachitika ndithu, makamaka pamene palibe mayeso odziyendera okha ndipo aliyense akuopa kuigwira. A Apache anapereka njira zodikirira: kuika sefa ya Servlet yotaya pempho lililonse limene Content-Type yake ndi yachilendo, kapena kusintha parser. Njira zoterezi n'zongogulira nthawi. Mwezi womwewo kunatuluka chilengezo china, S2-046, chosonyeza kuti chiboo chomwecho chikhoza kufikiridwa kudzera m'mizere ina ya pempho, monga Content-Disposition. Amene anasefa Content-Type yokha n'kugona tulo anali adakali pangozi.

Kusaka kumene sikunapeze kanthu

A chitetezo ku Equifax sanakhale chete. Anayendetsa chida chosaka malaibulale, koma sichinapeze Struts ya mu ACIS chifukwa chinayang'ana foda yapamwamba yokha osatsikira m'mafoda a m'munsi mmene fayiloyo inali. Pa 15 Malichi anayendetsanso chida cha McAfee pa maseva oonekera pa intaneti, ndipo nachonso chinabwera chimanjamanja. Zitatero anthu anakhulupirira kuti nkhani yatha.

Cholakwa apa n'chosavuta kuchitchula koma chimabwerezedwa kulikonse. Chida chikati sichinapeze kanthu, pali zinthu ziwiri zimene zingakhale zoona: palibedi kanthu, kapena chidacho sichikuona. Njira yosiyanitsira ndi kuchitchera msampha. Ikani dala fayilo ya struts2-core yakale pa seva yoyeserera, mafoda anayi pansi, ina muibise mu WAR, kenako yendetsani chidacho. Chikalephera kupeza zimene mwaika nokha, lipoti lake loti zonse zili bwino ndi pepala chabe. Zida zosaka kuchokera kunja zilinso ndi vuto lakelake: zikangopatsidwa adiresi ya IP zimagogoda pakhomo lalikulu la seva, pamene pulogalamu ya Struts ili panjira ina yamkati imene chidacho sichikuidziwa. Wodziwa njirayo ndi wopanga pulogalamu. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti kutsimikiza chigamba ndi ntchito ya mwini code, ndipo a chitetezo amangobwera kudzaonanso kachiwiri.

Masiku 76

Pali umboni woti pa 10 Malichi ena anali atayesa kale chibooko pa maseva a Equifax. Kuba kwenikweni kunayamba pa 13 Meyi 2017, patatha miyezi iwiri chigamba chitatuluka. Atalowa mu ACIS, akubawo anaika ma web shell pafupifupi 30. Web shell ndi kafayilo kakang'ono, pano ka JSP, koikidwa mu foda ya webusaiti, kamene kamalandira malamulo kudzera pa msakatuli. Kakangokhalapo, ngakhale mutatseka chiboo choyamba mawa lake, wakuba ali kale ndi khomo lake. ACIS inalibe chida choona ngati mafayilo asinthidwa kapena awonjezeredwa. Chida chotere, monga AIDE kapena Tripwire, chimasunga chidindo cha fayilo iliyonse n'kukuwa pakabwera yachilendo. Koma ngakhale popanda chida, wopanga pulogalamu akhoza kuchepetsa ngoziyi: akaunti yoyendetsa seva ya Java isakhale root (akaunti ya mphamvu zonse), ndipo isakhale ndi chilolezo cholemba mu foda imene muli code. Mafayilo otumizidwa ndi anthu apite ku foda ina imene seva siyendetsamo code.

Akufufuza m'mafoda, akubawo anapeza fayilo yokhala ndi mayina a maakaunti ndi mapasiwedi olembedwa poyera, osabisidwa. Apa m'pamene nkhani inakulira. ACIS inkafunika ma database atatu okha kuti igwire ntchito yake, koma netiweki sinali yogawidwa, ndipo ndi mapasiwedi aja akubawo anafika ku ma database ena 48 amene sankakhudzana ndi madandaulo a anthu. Anafunsa mafunso pafupifupi 9,000, ndipo maulendo 265 anapeza deta ya anthu, nayonso yosabisidwa.

Taganizirani kusiyana kwake. Chiboo cha Struts pachokha chikanawapatsa seva ya ACIS ndi ma database atatu. Fayilo imodzi ya mapasiwedi, pamodzi ndi netiweki yotseguka, inawapatsa 51. Fayilo yotereyi siikidwa ndi mdani. Imaikidwa ndi wantchito wotopa amene akufuna kuti script yake ya usiku iyende, kapena amene akusungira anzake mapasiwedi pamalo amodzi kuti asamavutike kufunsana. Chofunika n'chakuti pasiwedi isalowe mu code, isalowe mu Git, isakhale pa foda yogawana. Ikhale mu chida chosungira zinsinsi monga HashiCorp Vault, kapena ngati palibe, mu fayilo imene akaunti imodzi yokha ingawerenge, chilolezo chake 600. Pulogalamu iliyonse ikhale ndi akaunti yakeyake pa database, yopatsidwa GRANT pa matebulo okhawo amene ikufunika, SELECT pamene ikungowerenga, ndipo database ilandire akauntiyo kuchokera pa adiresi ya seva imodzi yokha. Pasiwedi ikapezeka kuti inalowapo mu Git, kuifufuta mu fayilo sikuthandiza chifukwa mbiri ya Git imaisungabe. Iyenera kusinthidwa tsiku lomwelo. Zida monga gitleaks zimasaka zoterezi code isanalowe.

Pa nkhani ya kugawa netiweki, anthu amati ndi ya akatswiri a netiweki, ndipo n'zoona kuti iwo ndi amene amalemba malamulo a firewall. Koma sangadziwe kuti ACIS ikufunika ma database atatu okha ngati wopanga pulogalamu sanawalembere: seva iyi imalankhula ndi database iyi pa doko ili, basi. Pamene palibe wonena zimenezi, wa netiweki amatsegula zonse kuopa kuti angathyole chinthu.

Deta imene anaipeza ankaipanikiza m'mafayilo, kuigawa tizidutswa, kuiika mu foda yofikirika pa webusaiti, n'kuikoka ndi Wget, chida chokokera mafayilo pa intaneti. Malinga ndi chikalata cha mlandu chimene boma la America linatulutsa mu Febuluwale 2020, anadutsitsa mauthenga awo pa maseva pafupifupi 34 m'mayiko pafupifupi 20, ndipo tsiku lililonse ankafufuta mafayilo opanikizidwawo ndi ma log, mafayilo olemba zimene zachitika pa seva. Ma log osungidwa pa seva yomweyo imene yagwidwa ndi a wakubayo. Ayenera kutumizidwa nthawi yomweyo ku seva ina imene pulogalamuyo ingathe kulembako koma osafufuta. Ndipo mafunso 9,000 achilendo, ena ofunsa mayina a matebulo, zimene pulogalamu yokhazikika sichita, akanaoneka kwa aliyense amene akanatchera chenjezo losavuta pa database.

Satifiketi yotha ntchito

Gawo ili ndi limene limapweteka mtima kwambiri. Pa 14 Malichi akatswiri a Equifax anali atalemba lamulo la Snort (pulogalamu younika mauthenga a pa netiweki) logwira aliyense woyesa chiboo cha Struts, ndipo linaikidwa pa makina oyang'anira netiweki. Imeneyi ndi ntchito ya luso lakuya ndipo inachitika pa nthawi yake, patatha mlungu umodzi chiboo chitalengezedwa.

Koma mauthenga opita ku ACIS anali a HTTPS, obisidwa. Kuti makina ogwira akuba awerenge mkati mwake, pankafunika chipangizo china patsogolo chimene chimamasula mauthengawo, kuwapereka kuti aunikidwe, n'kuwabisanso. Chipangizochi chimafuna satifiketi yolondola ya webusaitiyo, fayilo yotsimikizira webusaiti imene imakhala ndi tsiku lothera ntchito. Satifiketi ya ACIS pa chipangizocho inali itatha ntchito kalekale. Komiti ya House inati kwa miyezi 19, GAO inati pafupifupi miyezi 10 kuba kusanayambe. Ndipo chipangizocho chinali chotcheredwa kuti satifiketi ikatha, mauthenga azingodutsa osaunikidwa, webusaiti isaime. Kunja zonse zinkaoneka bwino, makina akuyaka, lamulo la Snort lili m'malo mwake. Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere. Masatifiketi otha ntchito pakampaniyo analipo oposa 300, ndipo 79 mwa iwo anali oyang'anira mawebusaiti ofunika kwambiri pa bizinesi.

Usiku wa pa 29 Julayi 2017 antchito anaika masatifiketi atsopano pa chipangizocho. Nthawi yomweyo anayamba kuona mauthenga okayikitsa ochokera ku adiresi ya ku China. Pa 30 Julayi anatseka ACIS. Makinawo anagwira ntchito yawo pa tsiku loyamba limene anapatsidwa maso.

Kuona tsiku limene satifiketi idzathe ndi lamulo la mzere umodzi: openssl s_client kulumikiza ku seva, zotuluka zake kuzipereka kwa openssl x509 -noout -enddate. Kwa satifiketi imene ili mu fayilo, -checkend 2592000 imakuuzani ngati idzatha m'masiku 30 akubwerawa. Script ya mizere khumi yoyenda m'mawa uliwonse ikhoza kuchita zimenezi pa mndandanda wonse. Msampha wake ndi wakuti satifiketi ya pa webusaiti yeniyeniyo ikatha, makasitomala amadandaula ola lomwelo, choncho siiwalika. Imene imaiwalika ndi ya pa chipangizo chamkati, imene ikatha palibe chimene chimasweka poonekera. Phunziro lake limafika mpaka mu code ya tsiku ndi tsiku. Mukamalemba chigawo chilichonse chofufuza chilolezo, chotsimikiza siginecha kapena chosefa zolowa, dzifunseni kuti chikalephera pachitika chiyani. Catch yopanda kanthu imene imameza cholakwa n'kulola pempho kupitirira ndi chipangizo cha Equifax chomwe chija. Ngati bizinesi singalole kuti ntchito iime, kulepherako kuzikuwa mpaka munthu adzuke.

Zimene zinatsatira

Pa 2 Ogasiti kampaniyo inaitana Mandiant, kampani ya akatswiri a chitetezo cha makompyuta, kudzafufuza ndipo inadziwitsa FBI. Anthu anauzidwa pa 7 Sepitembala kuti okhudzidwa ndi 143 miliyoni, ndipo nambalayi inakwera mpaka pafupifupi 148 miliyoni. Manambala a makhadi a ngongole a anthu pafupifupi 209,000 anabedwanso. Ku Britain nakonso anthu mamiliyoni anakhudzidwa, ndipo ofesi yoteteza deta ya anthu ya ICO inalipiritsa kampaniyo mapaundi 500,000 mu 2018, kenako bungwe loyang'anira makampani a zachuma la FCA linalipiritsa mapaundi oposa 11 miliyoni mu 2023. Mkulu wa za makompyuta David Webb ndi mkulu wa chitetezo Susan Mauldin anachoka pa 15 Sepitembala, ndipo mkulu wa kampani yonse Richard Smith anachoka pa 26 Sepitembala. Mu Julayi 2019 Equifax inavomera kulipira madola osachepera 575 miliyoni, mwinanso mpaka 700 miliyoni, pa mgwirizano ndi mabungwe a boma oteteza ogula a FTC ndi CFPB komanso maboma a zigawo za America. Mu Febuluwale 2020 boma la America linaimba mlandu asilikali anayi a dziko la China, ndipo China inakana.

Smith anauza aphungu kuti vuto linali munthu mmodzi amene sanapatsire uthenga komanso chida chosaka chimene chinalephera. Mkulu wina, Graeme Payne, anachotsedwa ntchito pa chifukwa cha imelo ija. Komiti ya House, mu lipoti lake la Disembala 2018, sinakhutire ndi kufotokoza kotere, ndipo inati kubaku kukanapeweka kotheratu. Inenso sindikhutira nako. Dongosolo limene chitetezo cha anthu 148 miliyoni chikudalira kuti munthu mmodzi akumbukire kupatsira imelo ndi lolakwika kale ngakhale munthuyo asanaiwale.

Ngakhale m'masabata olengeza, zolakwa za luso loyambira zinapitirira. Anthu ofuna kutseka mbiri yawo ya ngongole kuti wina asatengere ngongole m'dzina lawo ankapatsidwa PIN ya manambala 10, ndipo zinadziwika kuti PIN imeneyo inali chabe mwezi, tsiku, chaka, ola ndi mphindi zimene munthuyo walembetsera. Wodziwa tsikulo akanangoyesa manambala 1,440. Mu Java nambala yachinsinsi imachokera ku SecureRandom, osati ku wotchi, osatinso ku java.util.Random. Kampaniyo inatsegulanso webusaiti yothandizira anthu pa dzina latsopano, equifaxsecurity2017.com, m'malo moiika pansi pa equifax.com. Wina anapanga ina ya dzina lofanana nayo pofuna kusonyeza ngoziyo, ndipo akaunti ya Equifax yeniyeniyo pa Twitter inalozera anthu kangapo ku webusaiti yabodzayo.

Malo a luso lakuya

Wina anganene kuti amene analowa anali asilikali ophunzitsidwa bwino, ndipo anthu otere akafuna kulowa amalowa basi. N'zoona kuti anali ndi luso, makamaka pobisa mapazi awo. Koma tayang'anani zimene anagwiritsa ntchito: chiboo cholengezedwa miyezi iwiri yapitayo, web shell, pasiwedi yotoledwa mu fayilo, mafunso a SQL, Wget. Sanafunike kuwononga chiboo chawo chachinsinsi ngakhale chimodzi.

Luso lakuya linafunika kwenikweni m'malo atatu: kwa amene anapeza chiboo mu Struts, kwa amene analemba lamulo la Snort, ndi kwa a Mandiant amene anasanthula maseva kuti adziwe chimene chinatuluka pamene ma log anali atafufutidwa. Kampani yosunga deta yochuluka chonchi iyenera kukhala ndi anthu otere, ndipo wopanga mapulogalamu amene mtima wake uli kumeneko apite ndithu: fuzzing (kuponyera pulogalamu zolowa zachilendo zambirimbiri kuti muone pamene ikusweka), kuwerenga code ya malaibulale ndi diso la mdani, kusanthula memory ya seva yogwidwa. Koma ndi ntchito ya anthu ochepa pagulu, ndipo phindu lake limadalira ntchito ya ambiri. Lamulo la Snort linalipo, linangosowa satifiketi. Mndandanda wa OWASP Top 10, wa ngozi khumi zazikulu za mapulogalamu a pa webusaiti, nawonso umaloza komweku. Mu 2017 kugwiritsa ntchito zigawo zokhala ndi ziboo zodziwika kunali pa nambala 9, mu 2021 kunakwera kufika pa nambala 6, ndipo pa nambala 1 panakhala kusokonekera kwa zilolezo. Mu Disembala 2021 chiboo cha Log4j, laibulale ina ya Java, chitalengezedwa, funso limene linasowetsa anthu tulo m'makampani ambiri linali lomwe lija la pa 9 Malichi 2017, lakuti laibulale imeneyi ili pati m'mapulogalamu athu.

Kwa woyang'anira gulu la opanga mapulogalamu amene akufuna kudziwa pamene anthu ake ali, mayeso abwino ndi awa, ndipo amatenga tsiku limodzi. Tengani pulogalamu yanu yeniyeni, iikeni pa seva yoyeserera, ndipo mutchere zinthu zinayi osawauza: laibulale yakale yokokedwa ndi laibulale ina, pasiwedi mu commit ya chaka chatha, akaunti ya database yokhala ndi zilolezo zonse, ndi satifiketi yotsala ndi masiku asanu. M'mawa atumizireni nambala ya CVE yokha. Lembani ola limene anena molondola ngati akhudzidwa, ola limene WAR yatsopano yafika pa seva, ndiponso ngati wina anapita yekha kukatsimikiza pa sevapo kuti jar yakale yachoka. Masana apatseni akaunti yoyendetsa pulogalamuyo ndipo muwauze kuti alembe chilichonse chimene angafikire kuchokera pamenepo: mafoda, mapasiwedi, ma database, maseva ena, ndi intaneti yakunja. Mndandanda umenewo auyerekeze ndi zimene pulogalamuyo ikufunikadi, ndipo chilichonse chowonjezera chipatsidwe dzina la munthu wochitseka ndi tsiku lake asanaweruke.